Cementum, kachikuto ka pamuzu kamene kamagwira dzino m'malo mwake

Pakati pa ife a kumudzi amene tikukhala kuno ku Johannesburg, alipo ambiri amene amachoka kwa dokotala wa mano mutu utaima. Wina wauzidwa kuti dzino lake silinabooke pena paliponse, koma likugwedera ndipo mwina lizulidwa. Mayi wina wa zaka za m'ma 40 wajambulidwa X-ray n'kuonetsedwa timadontho kunsonga kwa mizu ya mano akutsogolo, chonsecho iye sakumva kupweteka. Wina akangomwa madzi a m'firiji, dzino limamulasa m'munsi, pamene lakumana ndi nkhama. Madandaulo atatuwa amamveka osiyana, koma onse amatifikitsa pamalo amodzi, pamwamba pa muzu wa dzino, pomwe pali kachikuto kopyapyala kotchedwa cementum. Si simenti ija dokotala amamatira nayo dzino loikirira ayi. Ameneyu thupi limapanga lokha, ndipo munthu amatha kufika ukalamba osamumvapo dzina, ngakhale mano ake onse 32 amadalira iyeyo.

Zolimba zitatu za dzino

Mukazulidwa dzino, pemphani kuti muliyang'ane lisanatayidwe. Kumtunda, mbali imene timaiona posekerera, kumakhala koyera ndi konyezimira. Kumeneko ndi enamel, chinthu cholimba kuposa china chilichonse m'thupi la munthu, chifukwa pafupifupi magawo 96 pa 100 alionse ndi mchere wolimba wa calcium ndi phosphate. Kumuzu mtundu umasintha. Kumakhala kotuwa mopita kuchikasu, kosanyezimira, ndipo nthawi zambiri kumatsalira timinofu tofiirira tomatirira. Chimene mukuona kumuzuko ndiye cementum. Pansi pa ziwiri zonsezi pali dentine, yemwe ndi thunthu lenileni la dzino, ndipo pakatikati pake pali kamphako ka mnofu wofewa momwe mumadutsa magazi ndi mitsempha yomvera ululu.

Mwa zitatuzi, cementum ndiye wofewa. Dentine ali ndi mchere wolimba uja pafupifupi magawo 70 pa 100, pamene cementum ali nawo pafupifupi theka lokha, chotsalacho ndi madzi ndi ulusi wa collagen. Ndi wopyapyalanso modabwitsa. Pakhosi pa dzino, pamene muzu wayambira, amakhala pakati pa mamilimita 0.02 ndi 0.05, kutanthauza kuti tsitsi limodzi la m'mutu likhoza kumuposa kukhuthala. Kunsonga kwa muzu amakhuthalako kufika mamilimita 0.15 kapena 0.2, nthawi zina kupitirira. Mulibe mitsempha ya magazi mwa iye, mulibenso yomvera ululu. Chakudya chake amalandira kuchokera kunja, ku minofu imene yamuzungulira.

Chifukwa cha kupyapyala kumeneku anthu anachedwa kumuzindikira. Akatswiri anayamba amuona pa mano a akavalo ndi njovu, chifukwa nyama zodya udzu zimenezi zili naye wambiri ngakhale kumtunda kwa dzino, komwe amadzaza mipata ya pakati pa enamel. Pa muzu wa dzino la munthu anafotokozedwa bwino mu 1835 ndi ophunzira awiri a Jan Purkinje, Fraenkel ndi Raschkow, mumzinda wa Breslau, womwe lero ndi Wrocław ku Poland. Zinatheka chifukwa nthawi imeneyo anali atayamba kudziwa kupala dzino mpaka litapyapyala moti kuwala kwa maikulosikopu n'kumadutsa.

Pamene enamel ndi cementum amakumana sipafanana kwa aliyense. Mabuku ophunzitsira madokotala a mano akhala akunena kuti kawirikawiri cementum amakwera pang'ono pamwamba pa enamel, nthawi zina amangogundana, ndipo mwa mano ochepa, 5 mpaka 10 pa 100, pamatsala mpata pomwe dentine ali pamtunda. Ofufuza a pambuyo pake anapeza kuti dzino limodzi lomwelo likhoza kukhala ndi mitundu yonse itatu mukalizungulira.

Dzino silinakhomeredwe m'fupa

Ambiri timaganiza kuti muzu unamatirira kufupa la nsagwada. Gwirani dzino lanu lakutsogolo ndi zala ziwiri n'kuligwedeza pang'onopang'ono, mumva kuti likusuntha pang'ono zedi. Kusuntha kumeneko si matenda. Pakati pa muzu ndi fupa pali kampata ka mamilimita pafupifupi 0.2, kodzaza ndi timaulusi tambirimbiri tolimba. Madokotala amatitcha periodontal ligament, ndipo timinofu tofiirira tija timatsalira pa dzino lozulidwa ndi zotsalira zake. Kaulusi kalikonse mbali imodzi kanalowa m'fupa, mbali inayo kanalowa mu cementum. Nsonga zolowazo zimadziwika ndi dzina la William Sharpey, katswiri wa ku Scotland wa zaka za m'ma 1800. Choncho dzino limakhala lolendewera m'dzenje lake, ndipo mukaluma chimanga chokazinga, timaulusi timeneti ndi timene timalandira mphamvuyo n'kuigawira kufupa. Mu ligament muli mitsempha yomva bwino kwambiri, n'chifukwa chake kamchenga kamodzi mu mpunga mumakamva msanga.

Abale athu ogwira ntchito zomangamanga kuno ku Joni amvetsa mosavuta. Taganizani za khoma la njerwa lopakidwa pulasitala, ndipo mu pulasitalamo munakwiriridwa nsonga za mawaya ambiri amene amangirira khomalo ku chipilala. Njerwa ndi dentine, pulasitala ndi cementum, mawaya ndi timaulusi tija. Pulasitala akagamuka, mawaya amasowa pogwira, ndipo khoma likhoza kugwa njerwa zake zili zabwinobwino. Umu ndi mmene dzino lopanda bowo limagwederera.

Umboni wamphamvu wa ntchito ya cementum umachokera ku matenda ena osowa obadwa nawo otchedwa hypophosphatasia, amene dokotala wa ku Canada John Rathbun anawatchula dzina mu 1948. Mwana wa matendawa amakhala ndi vuto la chibadwa pa enzyme (chinthu chofulumizitsa ntchito za m'thupi) yotchedwa alkaline phosphatase, ndipo cementum sapangika mokwanira. Mano oyamba a mwana wathanzi amaguluka muzu utadyeka kale, n'chifukwa chake kadzino kamene mwana amabwera nako m'manja kamakhala kopanda muzu. Koma mwana wa hypophosphatasia amagulula mano asanakwane zaka 5, popanda kugwa kapena kumenyedwa, ndipo dzinolo limatuluka ndi muzu wake wonse wautali. Kholo likaona zotere lisunge dzinolo n'kukalionetsa kuchipatala, chifukwa nthawi zina ichi ndiye chizindikiro choyamba cha matenda amene amakhudzanso mafupa.

Mmene amapangikira, ndi mitundu yake iwiri

Muzu umayamba kupangika mbali ya kumtunda ya dzino itatha kale. Kagulu ka maselo kamatsika m'fupa kujambula maonekedwe a muzu, kuti ukhale umodzi monga wa mano akutsogolo, kapena iwiri ndi itatu monga ya mano otafunira. Kaguluka kamadziwika ndi dzina la Oscar Hertwig, amene anakafotokoza mu 1874. Dentine wa muzu akayamba kuumbika, kagulu kaja kamang'ambikang'ambika, ndipo maselo otchedwa cementoblasts amafika pamwamba pa dentine n'kuyamba kuyala cementum. Zidutswa za kagulu kong'ambikako sizitha. Zimatsalira mu ligament moyo wonse ngati timagulu ta maselo, totchedwa ndi dzina la Louis-Charles Malassez wa ku France.

Cementum woyamba kuyalidwa, wa kumtunda kwa muzu, alibe maselo mkati mwake. Amayalidwa mwapang'onopang'ono kwambiri, ndipo ndi wodzaza ndi nsonga za timaulusi tija. Ameneyu ndiye wogwira dzino. Wachiwiri amapezeka kunsonga kwa muzu ndi pamphanda pa mizu ya mano otafunira. Amayalidwa mofulumira moti maselo omuyalawo amatsekeredwa mkati, m'timaenje ting'onoting'ono, n'kumatambasula timiyendo tawo kuloza ku ligament komwe kuli chakudya. Ntchito ya wachiwiriyu ndi kukonza ndi kuwonjezera. Mano akamaperepeseka kumtunda chifukwa cha zaka zotafuna, iye amawonjezereka kunsongako kuti dzino lipitirize kukumana ndi linzake. Muzu ukadyeka pang'ono penapake, iye ndi amene amabwera kudzamata.

Apa pali kusiyana kwakukulu ndi fupa. Fupa limagumulidwa ndi kumangidwanso moyo wonse. Cementum sagumulidwa chisawawa, amangowonjezereka, moti kuchokera paubwana kufika paukalamba amakhuthala pafupifupi katatu. Kusiyana kumeneku ndi kumene kumachititsa kuti mawaya owongolera mano, aja ana ambiri a sukulu amavala kunoku, agwire ntchito. Waya akakankha dzino, fupa la mbali yokankhidwayo limasungunuka, mbali inayo limamangika, dzino n'kusuntha muzu uli wosungika. Koma chitetezocho chili ndi malire. Mphamvu ikachuluka kapena ikatenga nthawi yaitali, nsonga za mizu zimatha kudyeka n'kufupika. N'chifukwa chake mawaya otere ayenera kuikidwa ndi munthu wophunzira ntchitoyo, amene azijambula mizu n'kumaiyang'anira.

Nthawi zina cementum amachuluka mopitirira, muzu n'kutupa kunsonga ngati chibonga. Munthu samva kanthu, koma tsiku lozula dzinolo dokotala amavutika nalo.

Muzu ukakhala pamtunda

Cementum analengedwa kuti azikhala mobisika, pansi pa nkhama. Mavuto amayamba nkhama zikatsika. Chotsitsa nkhama chachikulu ndi matenda amene ambiri timangowatcha chiseyeye, aja magazi amatuluka potsuka mano. Litsiro la mabakiteriya likakhalitsa m'mphepete mwa nkhama limauma n'kukhala ngati mwala, nkhama zimatupa, ndipo kwa anthu ena kutupako kumatsikira pansi n'kuyamba kudula timaulusi ndi kusungunula fupa. Pakati pa nkhama ndi muzu pamapangika kathumba komwe mswachi sufika. Lipoti la World Health Organization la 2022 linati matenda a nkhama ofika poipa amakhudza akuluakulu pafupifupi 19 pa 100 alionse padziko, anthu oposa 1 biliyoni. Kusuta fodya ndi matenda a shuga zimawakulitsa. Chomvetsa chisoni n'chakuti kawirikawiri sapweteka mpaka dzino litayamba kugwedera, ndipo munthu wogwira ntchito ya maola ambiri, amene tsiku lojomba ndi ndalama yotayika, sapita kwa dokotala chifukwa cha magazi a pamswachi okha.

Chinanso ndi katsukidwe. Mswachi wolimba wokhula mopingasa ndi mphamvu, makala kapena phulusa, zimatha kutsitsa nkhama, ndipo kachikuto kopyapyala kuposa tsitsi kaja sikachedwa kuperepeseka. Kakachoka, dentine amatsala poyera. Dentine ali ndi timachubu tosaoneka ndi maso tolunjika mkati mwa dzino, todzaza madzi. Chozizira kapena chotsekemera chikakhudza, madziwo amasuntha n'kudzutsa mtsempha. Kafotokozedwe kameneka kanachokera kwa Martin Brännström wa ku Sweden m'zaka za m'ma 1960, ndipo ndi kamene akatswiri ambiri amatsatira. Muzu woonekera umabookanso msanga kuposa enamel, chifukwa asidi wochepa chabe ndi wokwanira kuusungunula. Achikulire amene akumwa mankhwala oumitsa m'kamwa amavutika nazo kwambiri.

Pa kachiritsidwe pakhala kusiyana maganizo. Kwa zaka zambiri madokotala ankaphunzitsidwa kupala muzu mpaka utasalala, pokhulupirira kuti poizoni wa mabakiteriya amalowerera mu cementum ndipo cementum woipitsidwayo ayenera kuchotsedwa yense. M'zaka za m'ma 1980 kafukufuku, wina wa gulu la Sture Nyman ku Sweden, anaonetsa kuti poizoniyo amakhala pamwamba ndipo amachoka osapala mozama. Lero ambiri amatsuka muzu mosamala kuti achotse litsiro louma koma asiye cementum wambiri momwe angathere. Ena amakumbutsa kuti litsirolo limakanirira m'timaenje ta pamuzu, moti kulichotsa lonse osakhudza cementum n'kovuta. Onse amagwirizana kuti litsirolo liyenera kuchoka.

Nanga cementum wotayikayo angabwerere? Muzu ukatsukidwa nkhama zimachira n'kumatirira, koma kawirikawiri popanda cementum watsopano ndi timaulusi tatsopano. Mu 1982 Nyman ndi anzake anaonetsa pa dzino la munthu kuti kuika kansalu kotchinga pakati pa nkhama ndi muzu kumapatsa mpata maselo a ligament kuti afike poyamba n'kuyala cementum watsopano. M'zaka za m'ma 1990 kunabweranso mankhwala opaka pamuzu otchedwa Emdogain, opangidwa kuchokera ku mano a ana a nkhumba amene akali kupangika. Abale athu achisilamu ndi ena osadya nkhumba ali ndi ufulu wodziwa zimenezi ndi kufunsa asanavomere. Njira zonsezi zimathandiza pa mabala ena opapatiza a fupa, si pa dzino lililonse logwedera, ndipo ndi zodula.

Dzino likaguluka pangozi

Izi zimachitika pa mpira, pa ngozi ya taxi, pa ndewu, kapena mwana akagwa pa njinga. Dzino lachikulu likatuluka lonse ndi muzu wake, likhoza kubwezeretsedwa n'kugwiranso, ndipo chimene chimalamula ndi maselo amoyo amene atsalira pa cementum. Mtima umafuna kulitola n'kulikhula bwinobwino ndi sopo kapena kulikulunga m'kapepala. Zonse ziwirizi zimapha maselowo. Ligwireni kumtunda koyera, osakhudza muzu. Ngati lada, litsukuluzeni pang'ono mu mkaka kapena m'malovu a mwiniwake, osakhula, ndipo ngati n'kotheka libwezereni m'dzenje lake pomwepo, munthuyo alume kansalu. Zikakanika, liponyeni m'kapu ya mkaka, osati ya madzi, n'kuthamangira kwa dokotala. Dzino likakhala louma kwa mphindi zoposa 60, maselo aja amakhala atafa. Likabwezeretsedwa mochedwa chotero, fupa limamatirira mwachindunji kumuzu, ndipo pakapita zaka limaudya pang'onopang'ono mpaka kuulowa m'malo. Mano oyamba a ana aang'ono sabwezeretsedwa, poopa kuvulaza dzino lachikulu limene likudikira pansi.

Timadontho ta pa X-ray

Nkhani iyi ikutikhudza ife makamaka. Pali vuto lina la fupa la nsagwada lotchedwa cemento-osseous dysplasia, limene limapezeka kwambiri mwa amayi achikuda a zaka zapakati. Fupa lozungulira nsonga za mizu limasinthika n'kukhala mnofu waulusi, kenako mnofuwo umadzaza ndi timiyala tofanana ndi cementum kapena fupa. Poyamba pa X-ray pamaoneka pakuda, ngati chithupsa cha dzino lakufa. Pakapita zaka pamayera. Kawirikawiri limakhala pansi pa mano akutsogolo a m'munsi, koma kwa ena limafalikira mbali zingapo za nsagwada.

Si khansa, ndipo mano ake amakhala amoyo. Dokotala amatsimikiza zimenezi poika chozizira pa dzino kuti aone ngati likumva. Likamva, ndipo palibe ululu kapena kutupa, nthawi zambiri chofunika ndi kungoyang'anira ndi kusamala ukhondo wa m'kamwa. Choopsa chimabwera pozula dzino kapena kuchita opaleshoni pamalopo, chifukwa fupa losinthikalo lili ndi magazi ochepa, bala limachedwa kupola ndipo likalowa tizilombo limavuta. Mayi amene wauzidwa za vutoli azikumbukira kulitchula kwa dokotala aliyense watsopano asanagwire zida. Pakakhala kukayika, malo ophunzitsirako madokotala a mano monga Wits Oral Health Centre, pa chipatala cha Charlotte Maxeke ku Parktown, amakhala ndi akatswiri owerenga zithunzi zotere.

Zaka zolembedwa pamuzu

Popeza cementum amangowonjezereka osagumulidwa, amasunga mbiri. Akadula muzu mopingasa n'kuuika pa maikulosikopu, pamaoneka mizere yowala ndi yakuda mosinthana, ndipo mzere wowala ndi wakuda pamodzi amaimira chaka chimodzi. Oyang'anira nyama zakuthengo akhala akugwiritsa ntchito njirayi kudziwa zaka za nyama monga zimbalangondo, ndipo kuyambira m'ma 1980 yayesedwanso pa anthu. Amawerenga mizere n'kuwonjezerapo zaka zimene munthu amakhala nazo dzinolo likamamera. Cementum wa kunsonga, wokhala ndi maselo uja, amasunganso DNA bwino kwa nthawi yaitali. Mumzinda uno, momwe m'nyumba zachisoni mumakhala matupi osadziwika eni ake, ena mwa iwo a anthu ochokera kunja opanda mapepala, nzeru zodziwira msinkhu ndi chibale cha munthu kuchokera pa dzino si nkhani ya patali ndi ife.

Zomwe akatswiri sanamvanebe

Funso loyamba ndi la kumene maselo oyala cementum amachokera. Ambiri amati amachokera ku thumba la minofu lozungulira dzino likamapangika. Ena amati ena mwa iwo ndi maselo a kagulu ka Hertwig amene asintha mtundu. Yankho lake ndi lofunika, chifukwa amene akufuna kumeretsa cementum watsopano ayenera kudziwa maselo oti awadzutse. Pafupi ndi funsoli pali lina la timagulu ta Malassez: kodi ndi zotsalira chabe, kapena timathandiza kuti kampata ka pakati pa muzu ndi fupa kasatsekeke?

Sizikudziwikanso bwino ngati maselo otsekeredwa mu cementum amamva kulemera kwa kutafuna n'kutumiza uthenga monga amachitira anzawo a m'fupa. Pa mizere ya zaka, chimene chimaipanga sichinamveke mokwanira. Ena amaloza kusintha kwa nyengo, kuwala kwa dzuwa ndi zakudya, koma mizereyo imaonekanso mwa anthu okhala m'madera amene nyengo sisintha kwambiri, ndipo kuwerenga kwake kumasokonekera kwambiri mwa okalamba. Ofufuza sagwirizananso ngati matenda a nkhama amasokoneza chiwerengerocho.

Pa timadontho ta pa X-ray, bungwe la World Health Organization mu 2005 linaika vutoli ngati la fupa lokha, koma mu 2017 linabwezeretsa cementum m'dzina lake, zomwe zikuonetsa kuti mkangano wa chimene timiyalato tili sunathe. Chifukwa chimene limakondera amayi achikuda sichinapezeke. Ndipo funso limene wodwala aliyense wa dzino logwedera amafunsa, ngati padzakhale njira yodalirika ndi yotsika mtengo yobwezeretsa cementum, timaulusi ndi fupa zonse pamodzi pa muzu umene wakhala pamtunda kwa zaka, likadali m'manja mwa ofufuza.